Makwerero a pa Khoma la Salumu

Anthu a pa Mitundu amene adaona chiyambi cha banja la Zipora ndi Efulemu amasekabe akakumbukira, ngakhale kuti masiku ano kusekako kumathera m'kupukusa mutu. Efulemu adali mnyamata wolemba zikwangwani. Magolosale, zigayo, malo ometera, pafupifupi khoma lililonse la pamsikapo lidali ndi dzanja lake. Tsiku lina adakwera pa diramu nayamba kulemba pakhoma la tiyirumu ya azakhali ake a Zipora. Mtsikanayo adatuluka ketulo ili m'manja, adakweza maso, ndipo adaseka mpaka tiyi kutayikira pansi.

"Achimwene, tawerengani bwino zimene mwalembazo."

Efulemu adawerenga. M'malo mwa TAKULANDIRANI adali atalemba TAKULANDANI.

"Ndiye alendo alowa bwanji muno, poti mwawauziratu kuti ndife mbava?"

"Mwandisokoneza ndinu," adayankha Efulemu akupukuta thukuta. "Kuyambira m'mawa mwadutsa pano kasanu ndi kawiri. Ndakhala ndikuwerenga maulendo anu m'malo mowerenga zilembo."

Chaka chisanathe adamanga ukwati kutchalitchi, nakhala m'nyumba yanjerwa kuseri kwa msika.

Zipora adali ndi kope lachikuto chobiriwira momwe ankalembamo ndakatulo kuyambira ali ku sekondale. Munthu woyamba kumuuza kuti mawu amenewo sadali oyenera kugona m'sutikesi adali Efulemu. Ankamukweza panjinga kupita naye ku maukwati ndi ku misonkhano ya alimi, nthawi zina mpaka ku Malingunde. Mkazi wake akamalakatula, iye ankaima kumbuyo kwa anthu chipewa chili m'manja, akuuza aliyense woyandikana naye kuti, "Akazi anga amenewo." Tsiku limene ndakatulo ya Zipora yonena za mlimi wa fodya idamveka pa wailesi, Efulemu adazungulira msika wonse wailesi ili paphewa.

Mwana wawo Ethel atayamba kuyenda, Zipora adaona kuti ndakatulo zikumuchepera. Nkhani zina zinkafuna anthu awiri oti akalipirane pamaso pa gulu. Adasonkhanitsa anzake asanu ndi mmodzi nayambitsa gulu la zisudzo, lomwe linkasewera masiku a msika pafupi ndi pogulitsira mbatata. Efulemu adalumikiza masaka a feteleza kukhala chinsalu chachikulu choimika kumbuyo kwa osewera, najambulapo mudzi, chigafa cha fodya ndi phiri la Bunda. Ndi pa chinsalu chimenecho pomwe Zipora adagwira bulashi koyamba.

"Wofiirayo muzithira pang'ono, amake Ethel," ankatero Efulemu atagwira dzanja lake. "Penti ameneyu ndi wamwano, amafuna kuoneka yekha."

Zidali zaka zabwino, ndipo tiyenera kunena zimenezi momveka, chifukwa anthu akamva za munthu amene adathera m'ndende amaganiza kuti adabadwa ali chilombo. Efulemu sadali chilombo. Adali mwamuna wodziwa kunyadira mkazi wake pamene mkaziyo ankafunika kunyamulidwa panjinga. Chimene sadaphunzire ndi kunyadira munthu amene wayamba kuyenda yekha.

Zinthu zidasintha mwakachetechete. Mumzinda wa Lilongwe mudachuluka makina osindikiza zikwangwani pa pulasitiki. Mwini golosale ankangotumiza mawu pafoni, mawa lake chikwangwani n'kubwera pa minibasi chili ndi zithunzi za sopo ndi shuga zowala ngati zenizeni. Makoma a Efulemu adayamba kuphimbidwa limodzilimodzi. Mabulashi ake adauma m'chitini. Ankadzuka m'mawa, kuvala ovolosi yake yodetsedwa ndi penti wakale, kuzungulira msika, n'kubwerera manja ali oyera.

Nthawi yomweyo njira ya Zipora inkatseguka. Pa ukwati wina ku Nathenje adakumana ndi Salumu, bambo wamfupi wofatsa, Msilamu wa m'banja la amalonda, amene adali ndi sitolo ya mafoni m'mphepete mwa msewu waukulu ndipo ankajambulanso maukwati ndi kamera. Mkazi wake Shamimu ankagulitsa zitenje pakhonde la sitoloyo. Ukwati utatha, Salumu adatumizira Zipora kanema wa ndakatulo imene adalakatula paukwatipo. Zipora adaonera katatu. Nkhope yake siidamukhudze. Chimene chidamugwira mtima ndi manja a mayi wina amene kamera idawadutsa mwangozi, manja ong'ambikang'ambika ndi ntchito, akupinda ndi kupindanso ngodya ya chitenje. Adaimba foni.

"A Salumu, kodi kamera yanuyo ingajambule manja okhaokha, popanda nkhope?"

"Kamera siikana, mayi. Imayang'ana komwe mwailozetsa. Koma filimu yopanda nkhope adzaonera ndani?"

"Sindikudziwa. Tiyeni tiyese."

Miyezi inayi adayenda m'midzi akujambula manja osoka fodya, otong'ola chimanga, oumba njerwa, osambitsa khanda. Pamwamba pa zithunzizo Zipora adaikapo mawu ake akulakatula motsitsa. Ku Mitundu anthu adati mayiyu wayamba kuzungulira mutu. Koma kanemayo ataonetsedwa pa chionetsero cha zaluso mumzinda, anthu adaimirira chete mpaka kumapeto. Okonza chionetserocho adamufunsa ngati amajambulanso ndi penti. Adawapititsira zithunzi zisanu zomwe ankajambula kuseri kwa nyumba Ethel akapita ku sukulu, ndipo palibe chimodzi chomwe chidabwerera ku Mitundu.

Efulemu adaliko tsiku limenelo. Adaima pafupi ndi khomo atavala jekete la ukwati wake. Bambo wina wamagalasi adamugwira pamkono namuonetsa kwa alendo. "Awa ndi amuna awo a Zipora." Alendowo adamupatsa moni mwaulemu. Palibe adamufunsa dzina, palibe adamufunsa ntchito imene amagwira. Pobwerera pa minibasi Zipora ankalankhula mosangalala ngati mwana, koma kuchokera mumzinda mpaka ku Mitundu mwamuna wake adangoyang'ana pazenera.

Mtima ukafika pamenepo umangofuna munthu woupatsa dzina la mdani wake. Munthuyo adapezeka. Adali Felesiya, mlongo wake wa Efulemu, amene ankagulitsa tomato ndipo ankakaoda ku Nathenje.

"Achimwene, ine sindinena kanthu," adayamba motero atakhala pakhonde masana ena. "Koma Lachiwiri ndinadutsa pa sitolo ya a Salumu kuti ndiwapatse moni alamu. Anandilozera kachipinda kakumbuyo. Chitseko chotseka. Pazenera atatchingapo bulangete, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinagogoda kawiri asanatsekule. Ine sindinena kanthu, koma anthu akunena."

Felesiya sadaname. Chitseko chinkatsekedwadi chifukwa malole a pamsewu waukulu ankasokoneza mawu ojambulidwa, ndipo bulangete linkatchinga dzuwa kuti zithunzi zioneke bwino pa kompyuta. Miseche yoopsa kwambiri ndi yotereyi, yopanda bodza ngakhale limodzi. Wonenayo amangosanja zoona zake bwinobwino, kenaka n'kusiya womverayo kuti amalize yekha.

Zipora atafika tsiku limenelo dzuwa lisanalowe, adapeza mwamuna wake atakhala pampando, kope lobiriwira lili pamiyendo.

"Ndani ameneyu?" adafunsa Efulemu chala chili patsamba. "Mwalemba kuti, 'amene amandimva ndisanatsegule pakamwa.' Ndani?"

Zipora adasuzumira. "Ndakatulo imeneyo ndidalemba ndili ndi pakati pa Ethel. Ndinkanena inu."

"Musandipusitse!"

"Tsiku lalembedwa pamwambapo, bambo a Ethel. Werengani."

Efulemu sadawerenge. Adaponya kopelo pansi. "Nanga bulangete pazenera? Nanga chitseko? Mumatani m'chipinda chamdima ndi mwamuna wa mwini?"

"Timagwira ntchito."

"Ntchito yanji yofuna mdima? Ine ndagwira ntchito ya zojambula zaka makumi awiri padzuwa, anthu onse akundiona!"

"Tiyeni limodzi mawa mukaone. Mukakhale momwemo tsiku lonse."

"Ndikakhale ngati mlonda? Msika wonse ukundiseka, inu mukufuna ndikasekedwenso ku Nathenje?"

Nkhani idapita kwa ankhoswe. Akuluakuluwo adamva mbali zonse ziwiri, ndipo pofuna kupulumutsa banja adagamula kuti Zipora asiye kupita ku Nathenje. Zipora adawerama navomera. Ankaganiza kuti akapereka chinthu chimodzi, mtendere ubwerera m'nyumba.

Sudabwerere. Foni yake ikalira Efulemu ankafuna kudziwa woimba. Ikapanda kulira ankati wafufuta. Gulu la zisudzo litakonza sewero momwe Zipora ankasewera ngati mkazi wa mphunzitsi wina, Efulemu adafika pakati pa sewerolo naima kutsogolo manja atapinda, maso ali pa mphunzitsiyo, mpaka munthu wa Mulungu adaiwala mawu ake. Sabata yotsatira osewera awiri adapereka zifukwa. Mwezi usanathe gululo lidatha, ndipo chinsalu cha masaka chidasanduka choyanikapo mphale.

Miyezi isanu ndi iwiri Zipora adakhala pakhomo. Ankayankha mafunso omwewo m'mawa, masana ndi madzulo. Ankafotokoza chifukwa chimene wachedwera kuchigayo, chifukwa chimene wasekera ndi wogulitsa nsomba, chifukwa chimene wavalira chitenje chatsopano. Adatopa kutopa kumene sikutha ndi tulo. Akatenga cholembera, asanalembe mzere ankayamba waganiza momwe mwamuna wake adzauwerengere, ndipo mzerewo unkafera m'mutu. Akatenga bulashi, dzanja linkalemera ngati lanyamula mpini tsiku lonse.

Pamenepo ndi pomwe adalakwitsa, ndipo sitingamubisire. M'mawa wina adauza mwamuna wake kuti maso akumuyabwa, akupita ku chipatala cha Nkhoma kuti akawaone. Msewu wa ku Nkhoma umadutsa pa Nathenje. Zipora adatsikira pomwepo.

Salumu atamuona pakhomo la sitolo adaimirira pang'onopang'ono.

"Mayi, abambo akudziwa kuti muli kuno?"

"A Salumu, ndakhala miyezi isanu ndi iwiri ngati munthu wakufa. Ndiloleni ndingokhala pa kompyuta ola limodzi."

Salumu adayang'ana mkazi wake. Shamimu adapinda chitenje chomwe adagwira nati, "Alowe. Ine ndikhala momwemo, chitseko chikhale chotsekula. Malonda adikira."

Adachita motero maulendo atatu, Shamimu atakhala pa stulu pakhomo akusoka mphepete za nsalu. M'kachipinda kameneko Zipora ankamva ngati wavula katundu kumutu. Palibe ankamufunsa chifukwa. Koma Salumu adali munthu wosagona bwino ndi zobisika. Ankakhulupirira kuti amuna awiri akakhala pansi n'kuyang'anana m'maso, nkhani iliyonse imatha. Adakwera njinga yamoto m'mawa wina, osauza Zipora, nafika ku Mitundu. Adapeza banjalo lili pakhonde.

"Achimwene, ndabwera ndi ntchito," adatero atalandira mpando. "Khoma la sitolo yanga loyang'ana kumsewu ndi lalikulu ndipo lili mbee. Zapulasitiki sindizifuna. Ndikufuna dzanja la munthu. Mayiwa ajambule chithunzi, inu mulembe dzina la sitolo pamwamba. Zilembo zanu ndimazidziwa, palibe makina angazifike."

Kwa kanthawi nkhope ya Efulemu idafewa. Kenaka maso ake adachepa.

"Za chithunzizo mwakambirana liti?"

"Sabata yathayi, mayi atabwera."

"Sabata yatha," adatero Efulemu mwapang'onopang'ono, "amake Ethel anali ku Nkhoma. Kukaonetsa maso."

Zipora adangoyang'ana zala zake.

"Nyamukani," adatero Efulemu. "Mwabwera pakhomo panga kudzandilemba ganyu yolemba dzina lanu pamwamba pa mkazi wanga? Nyamukani ndisanaiwale kuti ndinu mlendo!"

Njinga yamoto isanazimiririke pakona, mkangano udabuka. Anthu oyandikana nawo adatuluka m'nyumba.

"Mwanama! Hule iwe, mwanama pamaso panga katatu!"

"Ndanama, inde," adayankha Zipora, mawu ake osakwera n'komwe. "Ndanama chifukwa zoona ndakuuzani chaka chonse, simunazimve ngakhale tsiku limodzi. Shamimu amakhala momwemo. Kamufunseni."

"Ndikafunse mkazi wa chibwenzi chanu? Ndidakutolani mukugulitsa tiyi! Bulashi ndidakugwiritsani ndine! Lero mwandisandutsa choseketsa!"

"Mudandigwiritsa, sindikana. Ndiye mumafuna ndiigwire bwanji, ndisajambule?"

Efulemu adalowa m'nyumba, adatulutsa zithunzi zitatu zosamaliza, nazithyola pabondo chimodzichimodzi. Zipora sadalire. Adaonerera mpaka chomaliza, kenaka adalowa, adamanga zovala zake ndi za Ethel m'chitenje, napita kwa azakhali ake ku tiyirumu.

"Khomalo ndikajambula," adawauza azakhaliwo tsiku lotsatira. "Ndatopa kubisala ngati wakuba. Akafuna kudziwa zimene ndimachita ku Nathenje akaime pamsewu aone, pamodzi ndi minibasi zonse."

Adayamba Lolemba. Adajambula amayi a pamsewu wa Nathenje momwe ankawaonera: wina akusanja tomato, wina akuthamangira basi dengu lili pamutu, Shamimu akuyeza chitenje ndi mkono. Tsiku lililonse Salumu ankajambula ntchitoyo ndi kamera, chifukwa Zipora ankafuna kupanga kanema wachiwiri woonetsa khoma loyera likudzaza anthu. Apaulendo ankaloza pamazenera. Amayi ojambulidwawo ankabwera kudzadzifufuza n'kumakangana kuti wanenepetsedwa ndani. Kwa masiku asanu ndi atatu Zipora adamvanso njala ya chakudya, ndipo azakhali ake adamumva akuimba posamba.

Tsiku lachisanu ndi chinayi Efulemu adali pa siteji ya minibasi ku Mitundu. Kondakitala wina wodziwana naye adamukuwira ali pakhomo la galimoto.

"Madala! Akazi anu aikongoletsa nyumba ya Salumu, eee! Nanga yanu adzaipaka liti?"

Anthu adaseka. Kondakitalayo ankangocheza, ndipo minibasi itanyamuka adaiwala. Ndi angati mwa ife amene tidaponyapo mawu otere pamsewu, osadziwa kuti tikuponya pa munthu amene watsala pang'ono kuduka? Efulemu sadabwerere kunyumba. Adaitana kabaza wa njinga yamoto nadzera njira yafumbi yodutsa m'minda.

Adafika pa Nathenje dzuwa lili pamutu. Zipora adali atagwada pansi akusakaniza penti m'beseni. Salumu adali pamwamba pa makwerero aatali otsamira khoma, pafupi ndi malata, akujambula manja a Zipora kuchokera kumwambako. Shamimu, amene ankagwirira makwererowo, adali atangopita pakhonde kukathandiza wogula.

"Tsika!"

Zipora adatembenuka. Mwamuna wake adali ataima pambuyo pake, fumbi lili mbuu m'tsitsi.

"Bambo a Ethel, anthu akuona. Tiyeni tikalankhulire uko."

"Aone! Si zimene mumafuna? Iwe, ndati tsika! Ukumuyang'ana chiyani mkazi wanga kumwambako?"

"Achimwene, ndikutsika," adatero Salumu. "Dikirani ndigwire bwino kamerayi. Tikambirana."

Adatsitsa phazi limodzi. Efulemu adagwira makwerero ndi manja awiri. Zipora adalumpha kuti amugwire mkono, koma manja ake adali oterera ndi penti ndipo adapulumuka. Efulemu adakoka kamodzi kokha, ndi mphamvu zonse za miyezi imene adakhala akumeza mkwiyo. Makwerero adachoka pakhoma, adaima mowongoka kanthawi kochepa, kenaka adapendekera kumsewu. Salumu adagwa chagada, mutu n'kumenya m'mphepete mwa ngalande ya simenti.

Kukuwa kwa Shamimu kudamveka mpaka kutsidya kwa msewu. Efulemu sadathawe. Adaima pomwepo akuyang'ana manja ake, akunena mobwerezabwereza kuti, "Ndimangofuna atsike." Anthu adamugwetsa pansi, ndipo akadamuphera pomwepo apolisi akadapanda kufika msanga. Ena adanyamula Salumu namuika m'galimoto la mwini sitolo yoyandikana nayo. Adatsirizika panjira, asanafike ku chipatala chachikulu mumzinda. Adasiya ana atatu.

Ku maliro Zipora sadapite. Adalibe nkhope yopitira nayo. Ku Mitundu ena ankati wapha amuna awiri tsiku limodzi, ndipo Felesiya akakumana naye kumsika ankalavula malovu. Zipora sadayankhe aliyense. Ankathandiza azakhali ake kuphika tiyi, kutsuka makapu, ndi kuperekeza Ethel ku sukulu podzera njira yakuseri.

Itatha miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala m'nyumba, Shamimu adaitanitsa Zipora. Adakhala pakhonde la sitolo yotseka. Shamimu adali atawonda, maso atalowa.

"Sindinakuitanireni mlandu, achemwali," adatero. "Ndinkakhala momwemo, ndikudziwa kuti panalibe kanthu. Amene akunena zina sanakhale pa stulu paja. Koma ana anga amadutsa pakhomali popita ku sukulu ndi pobwera. Wamng'onoyo amaima n'kumayang'ana kumwamba. Lifuteni. Ndikadatuma wina, koma ndikufuna mufute ndinu."

Zipora adagula njereza. Adapaka tsiku lonse, kuyambira pa mayi wa tomato mpaka pa nkhope ya Shamimu. Njereza itauma, amayiwo ankaonekerabe mkati ngati anthu oima m'nkhungu. Adabwerera kawiri kudzapakanso mpaka khoma lidayera.

Mlandu udalowa m'khoti lalikulu ku Lilongwe patatha zaka ziwiri, Efulemu ali pa limandi. Atamulowetsa, Zipora adatsala pang'ono kusamuzindikira. Tsitsi lidali ndi imvi, khosi litatalika. Mboni zidalipo zambiri, koma umboni waukulu udachokera m'kamera ya Salumu, imene idapitiriza kujambula itagwa. Adauonetsa m'khotimo. Anthu adaona manja a Zipora akutakasa penti m'beseni, adamva mawu akuti "Tsika!", adamva Salumu akupempha kuti amudikire. Kenaka thambo lidazungulira, malata, thambonso, ndipo chithunzi chidaima pa fumbi ndi mapazi a anthu othamanga. Shamimu adatuluka panja. Efulemu adabisa nkhope m'manja.

Loya wa Efulemu adaimirira kufunsa Zipora.

"Mayi, kodi panali chibwenzi pakati pa inu ndi malemuwa?"

"Ayi."

"Nanga n'chifukwa chiyani munanamiza amuna anu kuti mukupita ku chipatala?"

"Ndinatopa, bwana."

"Munatopa ndi chiyani?"

"Ndi kufotokoza."

Woweruza adali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Adati khoti lavomereza kuti Efulemu sadapite ku Nathenje ndi cholinga chopha, pakuti sadatenge chida chilichonse. Koma adati munthu amene wakhala zaka makumi awiri akukwera makwerero amadziwa bwino chimene chimachitika ukawakoka mnzako ali pamwamba. Adati palibe umboni uliwonse wa chibwenzi, ndipo ngakhale ukadakhalapo, kukayikira mkazi sikupatsa mwamuna ufulu pa moyo wa munthu wina. Adamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu mosakonzekera, namulamula kukakhala kundende zaka khumi ndi zisanu akugwira ntchito yakalavulagaga.

Asanakwezedwe m'galimoto la akaidi, Efulemu adapempha kuti aonane ndi mkazi wake. Msilikali wa ndende adalola mphindi zochepa. Zipora adatsikira ku kachipinda ka kuseri kwa khoti, konunkha thukuta ndi mkodzo, naima kutsogolo kwa zitsulo. Ankayembekeza kuti afunsa za Ethel, kapena atumiza mawu opepesa kwa Shamimu.

"Amake Ethel," adanong'ona Efulemu atagwira zitsulo, "pano zatha. Palibe chimene chingasinthe. Kulibe loya kuno, kulibe ankhoswe. Ingondiuzani ine ndekha. Munagona naye?"

Zipora adamuyankha motsitsa mawu.

"Munthu adafa, bambo a Ethel. Ana atatu alibe bambo. Wanu akukula mulibe. Inu mukadali pa funso lomwelo?"

"Ndikungofuna kudziwa."

"Ndidakuyankhani pakhonde. Ndidakuyankhani kwa ankhoswe. Lero ndakuyankhani nditagwira Baibulo. Mawu andithera."

Adatembenuka nakwera masitepe. Kumbuyo ankamva dzina lake likuitanidwa mpaka chitseko chachitsulo chidatsekedwa.

Umu ndi momwe nsanje ilili. Siifunsa kuti imve yankho. Mungaipatse mboni, lumbiro, ngakhale mtembo, mawa idzadzuka ndi funso lomwe lija. Efulemu adataya ntchito chifukwa cha makina, ndipo limenelo silidali tchimo lake. Tchimo lake lidali loti ululu umenewo adausandutsa mlandu wa mkazi wake, ndi wa munthu yekhayo amene adabwera pakhomo pake kudzalemekeza luso lake. Zipora naye adanyamula gawo lake, pakuti bodza lonenedwa chifukwa cha kutopa limapwetekabe ngati bodza lina lililonse. Enafe, amene timanyamula nkhani za mabanja a eni kuchokera pamsika wina kupita pamsika wina, sitidaitanidwe m'khoti, koma tisadziyese oyera.

Zipora akujambulabe, ndipo zithunzi zake zimafika kutali kumene iye sadafikeko. Ndakatulo adasiya. Tsiku la chigamulolo adayenda wapansi kuchokera ku khoti mpaka ku depoti, nakwera minibasi ya ku Mitundu, nakhala mpando wakumbuyo. Kondakitala ankaitanirabe anthu, ogulitsa madzi ndi nthochi ankagogoda pazenera. Iye adatsamiritsa mutu pagalasi, ndipo minibasi isanadzaze adali atagona.